Tsiku Limene Ndinakonza Rauta ya Neba

Neba atasiya kuyankha mameseji anga, ndinadzinamiza kwa milungu iwiri yathunthu. Ndinkati mwina kumene akugwira ntchitoko netiweki ikuvuta, mwina foni yagwera m'madzi, mwina mabwana awaletsa kugwira mafoni. Mkazi akakonda amasanduka loya wa mwamuna wake popanda womulemba ntchito, ndipo ine ndinali loya wakhama zedi. Koma m'mawa wina wayifayi ya kwawo itazimanso, mabodza anandithera.

Nyumba yathu ndi ya makolo a Neba n'zogundizana khoma. Kwathu tilipo atatu: amayi, achimwene ndi ine, telala wa m'chipinda chakumaso. Kwawoko kuli bambo ake, amene anapuma pa ntchito yoyendetsa mabasi, mayi ake, ndi iyeyo, wowotcherera zitsulo. Chaka chatha anakokera intaneti kwawo n'kugula rauta yoyera ya tinyanga tiwiri. Tsiku lachitatu lake anagogoda pakhomo pathu.

"A Telala, tayesani pa foni yanuyo ngati ikufika kuno," anatero.

Inkafika bwinobwino. Koma mawa lake anabweranso kudzafunsa ngati ikufikabe, mkuja wakenso chimodzimodzi. Kwa mwezi wathunthu munthuyo anayeza netiweki m'chipinda changa chosokera ngati watumidwa ndi boma. Kenako anasamutsa rauta ija n'kuiika pa zenera la pabalaza pawo, loyang'anana ndi makina anga. Wayifayiyo anaipatsa dzina loti Zenera, pasiwedi yake n'kukhala deti limene ndinayamba kumulola kukhala pa kampando ka makasitomala. Kufikira lero sindinamutchulepo dzina lina koma Neba, nayenso sananditchulepo lina koma Telala.

Achimwene sankamufuna. Ankati wowotcherera ndi munthu wa chikwama kumsana, lero ali kuno mawa ali uko. Komatu wayifayi yake ankaidya ndi manja awiri. Mayi ake a Neba nawonso sankandifuna, chifukwa ndine wamkulu kwa iye ndi zaka ziwiri ndipo ndinatomeredwapo ndi munthu wina zinthu n'kukanika. Tinkadziwa zonsezo, tinkangoseka.

Atapeza ntchito yomanga mlatho kutali, anandikhazika pansi pafupi ndi rauta ija masana onse.

"Ikavuta usayambe ndi kulira," anandiuza. "Yamba ndi kuyang'ana tinyali. Tinyali sitinama."

"Nanga iwe ukavuta ndiyang'ane chiyani?"

"Ine sindivuta. Mwezi wachitatu ukamatha ndikhala ndabwera, nditenge bambo ndi mayi, tikakhale pansi ndi achimwene ako. Ukasoke diresi."

Diresiyo ndinasoka. Mwezi wachitatu unatha, ndipo mameseji anga ankangoima ndi katiki kamodzi, kosonyeza kuti sanafike n'komwe pa foni yake.

* * *

Achimwene anayambitsa nkhani yoti ndichoke pakhomo Lachitatu m'mawa, ndikusita malaya a kasitomala.

"Azakhali andiimbiranso," anatero ataima pakhomo la chipinda changa. "Malo aja m'shopu mwawo adakalipo. Makina atatu, makasitomala osatha. Lamulungu ndikukuperekeza kokwerera basi."

"Achimwene, ndipatseni sabata imodzi yokha."

"Ndinakupatsa ziwiri. Kenako yachitatu. Chemwali, tsegula maso. Munthu wasiya kukuyankha, kwawo akuzimitsira ngakhale wayifayi. Ukufuna achite kukulembera kalata yokuchotsa ntchito?"

"Mwina yangowonongeka."

"Yawonongeka! Ndiye bwanji mayi akewo akakuona amathawira m'nyumba? Ine ndinakuona chaka chija utagona miyezi iwiri osadya chifukwa cha mwamuna. Sindifuna kuonanso zimenezo. Ndipo ndisamve kuti waponda pakhomo paja kukapempha chikondi. Ife si anthu opemphetsa."

Amayi anali kukhitchini, ndipo ndinamva mbale zitasiya kulira. Chimwalirireni bambo, mawu a achimwene ndi amene amatseka nkhani m'nyumba mwathu, ndipo chimene chinkandiwawa kwambiri n'choti tsiku limenelo ankanena zomveka. Malaya a kasitomala aja ndinawawotcha pakolala.

* * *

Ndiye panali nkhani ya Nesi. Ameneyu ndi mwana wa mnzawo wa mayi a Neba, mtsikana wogwira ntchito kuchipatala, wowala, woyenda mwaulemu, wa mtundu uja amayi amakuloza nawo akafuna kukunyoza. Kuyambira kale mayi a Neba ankamutchula kuti mpongozi wawo, moseka koma osaseka. Chizimireni wayifayi, Nesi ankabwera kawiri pa tsiku, m'mawa asanapite kuntchito ndi madzulo akaweruka, atanyamula kachikwama kakuda. Ndinkamuonera pa zenera, singano ili m'manja, mtima ukuwira.

Lachinayi ndinalephera kupirira. Ndinatuluka ngati ndikukataya zidutswa za nsalu, n'kukumana nawo pa geti, iye ndi mayi a Neba.

"Mwaswera bwanji mayi?"

"Taswera," anayankha osandiyang'ana. Anali atawonda. Milungu itatu yapitayo anali atachokapo, akuti kukadwazika m'bale wawo, ndipo anabwerako nkhope itagwa.

"Ndimati ndifunse za rauta ija. Ngati yavuta ndikhoza kuiona, anandiphunzitsa."

"Makina aja anafa. Asiye."

"Nanga iyeyo akupeza bwanji kumene aliko? Ine sindikumupeza pa foni."

"Ali bwino. Watanganidwa."

"Akuimbirani?"

"Iwe mwana, ndati ali bwino. Kodi mwana wanga azipereka lipoti kwa iwe ngati ndiwe ndani?"

Nesi anayang'ana pansi. Ndinkayembekezera kuti amwetulira, ndipo ndikanakonda akanamwetulira, ndikanapeza pomudera. Koma anangogwira mayiwo pamkono n'kulowa nawo m'nyumba. Ndinabwerera kukalemba meseji ina pa bandulo yanga: Neba, ngati wandisiya ungonena, Lamulungu akundichotsa kuno. Inakaima pamzere ndi zinzake, katiki kamodzi.

* * *

Lachisanu cha m'ma 3 koloko masana ndinamva kugogoda pa zenera langa. Anali bambo ake a Neba, atavala juzi yawo yakale ya kuntchito ngakhale kunja kunkatentha.

"Mwanawe, uli ndi kanthawi? Makina aja andikanika. Mawa kuli mpira, ndipo ine wailesi yanga ndi foni."

"Mayi anati ndiwasiye."

"Mayi ako apita kukagula mankhwala ndi Nesi. Nyumbayi ndi yanganso."

Achimwene anali kuseri akukonza njinga yawo yamoto. Ndinavula tepi m'khosi n'kutuluka mwakachetechete.

Pabalaza pawo pankanunkha mankhwala ochapira pansi, fungo la kuchipatala. Makatani anali otseka. Zitseko zonse za kukhonde la m'kati zinali zotseka, ngakhale cha chipinda cha Neba chakumapeto, chimene mayi ake ankakonda kuchisiya chotsegula kuti muzipita mphepo. Sindinaganize zambiri. Maso anga anali pa rauta, imene inali pa tebulo, tinyanga take titagona chammbali, nthambo zitapiringizana.

"Mayi ako anazula zonse n'kuiponya m'kabati," anatero bambowo. "Dzulo ndaitulutsa ndekha. Ndalumikiza mmene ndimaonera, koma yangoti psuu."

Ndinagwada. Kanyali ka magetsi kanali kobiriwira, ka wayifayi kobiriwiranso, koma kachitatu, kokhala ndi chithunzi cha dziko, kanali kofiira. Ndinamva mawu a Neba m'mutu mwanga ngati waima kumbuyo kwanga: kofiira pa dziko ndiye kuti rauta ili moyo koma sikumva za kunja. Ndinaitembenuza. Kumbuyo kwake kuli mabowo asanu, anayi achikasu ndi limodzi labuluu. Nthambo yochokera kukhoma, imene imabweretsa intaneti, inali m'bowo lachikasu.

"Bambo, nthambo iyi mwaika pakhomo lotulukira. Yochokera kunja imalowa pabuluu pokha."

"Ha! Ine ndimati bowo ndi bowo. Zaka makumi atatu ndikuyendetsa basi, khomo limodzi lomwelo anthu ankalowera n'kutulukira."

Ndinaseka, koyamba m'milungu itatu, ndipo kusekako kunandipweteka pachifuwa. Ndinazula nthamboyo n'kuikankhira pabuluu mpaka inalira kuti tha. Kenako ndinazimitsa rauta pa soketi n'kuyamba kuwerenga mpaka makumi atatu, monga Neba anandiphunzitsira. Iye ankati anthu ambiri amalephera apa, amazimitsa n'kuyatsa nthawi yomweyo, osaipatsa mpata woti iiwale zolakwika zake. Ndili pakati powerenga ndinaona kuti bambowo sakuyang'ana rauta. Ankayang'ana ine, maso ali ofiira.

"Bambo, kwagwanji?"

"Werenga, mwanawe. Usasokoneze."

Ndinayatsa. Tinyali tinaphethira, kenako kadziko kaja kanasanduka kobiriwira.

"Yatheka?"

"Intaneti yalowa. Tiyeni tione foni yanu."

Foni yawo sinalumikizike. Yanganso ayi. Nditayang'ana pa mndandanda wa mawayifayi, dzina loti Zenera panalibe. M'malo mwake panali dzina lachilendo la zilembo ndi manambala. Ndinkadziwa kuti ndi nkhani ya makina chabe, komabe ndinamva ngati munthu wafufuta dzina langa pa chitseko.

"Bambo, munabaya pa kabowo kakang'ono aka?"

Anakanda kumutu. "Ndinangobaya pang'ono ndi pini ya mayi ako. Mnzanga wina anandiuza kuti zikavuta umabaya pamenepo."

"Pang'ono bwanji?"

"Mpaka tinyali tonse tinazima."

"Ndiye mwaiiwalitsa zonse. Yabwerera mmene inalili pochoka kusitolo. Sikudziwanso dzina lake, sikudziwanso aliyense wa ife."

Anakhala pa mpando mwakachetechete. "Ndiye yafanana ndi nyumba ino," anatero chapansipansi.

Pansi pa rauta pali stika yolembedwa dzina la kufakitale, pasiwedi yake, ndi manambala olowera m'kati mwa makinawo. Ndinalumikiza foni yanga ndi dzina lachilendolo, n'kulemba manambala aja pamalo pofufuzira. Tsamba la rauta linatseguka. Apa panali njira ziwiri. Ndikanatha kusiya dzina la kufakitale, n'kungolemba pasiwedi yatsopano m'foni ya bambowo, iwo n'kumvera mpira wawo, ine n'kubwerera kwathu kukalongedza. Inali njira yachidule, ndipo ikanandisunga bwino ndi mayi a Neba.

Koma Neba anandiphunzitsa njira ina. Anati foni siiwala wayifayi imene inalowapo. Ukabwezeretsa dzina lakale ndi pasiwedi yakale, chilembo ndi chilembo, osaphonya ngakhale chimodzi, mafoni onse amene ankaidziwa amabwerera okha popanda wowaitana. Kunena zoona sindinaganizire za ubwino wa aliyense. Ndinkangofuna kuona dzina lija kamodzi ndisanachoke Lamulungu.

Ndinalemba Zenera. Ndinalemba deti lija. Ndinadina posunga, rauta n'kuzima yokha kuti iyambirenso.

"Tidikire mphindi imodzi," ndinatero.

Bambowo anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi juzi, nthawi yaitali kuposa mmene magalasi amafunira.

* * *

Yoyamba kubwerera inali foni yanga, inanjenjemera m'manja. Yachiwiri inali ya bambowo, pa tebulo. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti zatheka.

Ndipamene kunalira belu la njinga. Linalira kumapeto kwa khonde la m'kati, kuseri kwa chitseko chotseka chija. Neba anaika kulira kwa belu la njinga pa mameseji anga okha, ankati ndimabwera mwaphokoso ngati wanjinga wopanda mabuleki. Linaliranso kachiwiri, kachitatu, kenako motsatizana osapumira, milungu itatu ya mameseji anga ikukhuthukira m'chipinda chimodzi. Ndinayang'ana foni yanga. Matiki ankasanduka awiriawiri kuyambira pamwamba kutsika pansi.

M'chipindamo munagwa chinthu, kapu kapena mbale. Kenako munthu anatukwana ndi mawu amene ndikhoza kuwazindikira ngakhale pakati pa msika.

"Bambo, ali muno?"

Anavalanso magalasi aja.

"Masiku onsewa ali muno? Ine ndikulira kuseri kwa khoma ili, iye ali muno?"

"Ndinalumbira kwa mwana wanga kuti pakamwa panga sipatuluka mawu," anatero bambowo, misozi ikutsikira m'ndevu. "Ndipo sindinanene kanthu. Ndangokonzetsa makina anga."

Ndinathamangira ku chitseko chija. Chinali chokiya. Ndinachimenya ndi zikhatho zonse ziwiri.

"Neba! Neba, tsegula! Ndakumva!"

Belu linasiya kulira. M'katimo munangoti zii.

* * *

Mayi ake anatipeza choncho, ine nditakangamira chitseko, amuna awo ataima pakati pa balaza ngati mlendo. Nesi anali kumbuyo kwawo ndi kachikwama kake kakuda. Mayiwo anayang'ana tinyali tobiriwira pa tebulo, n'kuyang'ana amuna awo, jumbo yawo ya mankhwala ndi mabandeji n'kugwa pansi.

"Mwachita chiyani, bambo ake? Mwachita chiyani?"

"Mtsikanayu akuchoka mkuja," anayankha. "Ukanafuna achoke akuganiza kuti mwana wathu ndi galu?"

Ndinkayembekezera kuti mayiwo andilalatira. Ndinali nditakonzeka, ndinali ndi mawu anga okwana chaka chonse. Koma anangokhala pansi pa simenti, miyendo tambalale, n'kuyamba kulira mopanda mawu. Mayi amene ndinkawaopa aja anaoneka ochepa ngati mwana wasukulu.

Anafotokoza ndi Nesi, ndi mawu ake a kuntchito, osakwera osatsika. Milungu itatu yapitayo thanki imene Neba ankawotcherera inaphulika. Dzanja lamanja madokotala analidula m'munsi mwa chigongono. Moto unamuwotcha khosi ndi mbali imodzi ya nkhope. Mayi ake anakamudwazika kuchipatala cha kumeneko, ndipo atamutulutsa anabwera naye pa galimoto yahayala m'mawa wina ine nditapita kukagula ulusi, n'kumulowetsera khomo lakuseri. Chinthu choyamba chimene anapempha atafika chinali choti azule rauta. Simukhadi anachotsa yekha ndi mano. Foni ankangoisunga yoyaka kuti azionera zithunzi.

"Zithunzi za ndani?" ndinafunsa, ngati chitsiru.

Nesi anangopitiriza. "Ine ndimabwera kudzatsuka mabala," anatero. "Kawiri pa tsiku. Salola munthu wina kulowa, ngakhale bambo ake amalowa mwa apo ndi apo."

Manyazi anandigwira. Masiku asanu ndi anayi ndinkamutukwana mtsikanayu mumtima, iye akusenda mabandeji pa thupi la munthu wanga. Koma pansi pa manyaziwo panali chinthu china choipa kwambiri: nsanje inali isanachoke. Inali itangokula. Iye anamuona, anamugwira, anamva kubuula kwake, pamene ine ndinkasoka diresi.

Chitseko chakumaso chinatseguka mwamphamvu. Anali achimwene, manja ali ndi girisi, foni ili m'dzanja.

"Ndimadabwa foni yanga yangoyamba kulira yokha m'thumba," anatero. "Ndinadziwiratu kuti ndiwe. Sindinakuuze kuti usaponde muno? Tiye kunyumba!"

"Achimwene, ali muno. Wavulala."

Anayang'ana mayi ali pansi aja, mabandeji atamwazika, bambo akulira. Achimwene ndi aukali koma si ouma mtima. Anatsitsa mawu, n'kuvula chipewa.

"Pepani bambo, pepani mayi. Sitinadziwe." Kenako anatembenukira kwa ine. "Komabe tiye. Munthu akatseka chitseko amakhala ndi chifukwa."

"Sindichoka ndisanamuone."

* * *

Ndinakhala pansi n'kutsamira chitseko chija. Ndinkamva kupuma kwake mbali inayo, pafupi kwambiri, ndiye kuti nayenso anali atatsamira pomwepo. Pakati pathu panali thabwa lochindikala ngati chala changa.

"Neba," ndinatero motsitsa, "sindinakonde dzanja lako. Wamva? Ngakhale nkhope yakoyo sinali yoti munthu n'kuifera, usadzinamize."

Ndinamva kaphokoso, sindikudziwa ngati kunali kuseka kapena kulira.

"Diresi ndinasoka. Ili pa hang'ala. Ine ndili ndi manja awiri ndi makina, tidya. Tsegula ndikuone, kenako undithamangitse ukundiyang'ana m'maso."

Sanayankhe ndi pakamwa. Nesi ananong'ona kuti kulankhula kumamupweteka chifukwa khungu la pakhosi limakoka. Foni yanga inanjenjemera pamwendo. Matiki onse aja anali atasanduka abuluu. Anali atawerenga zonse, za ukali, za kuchonderera, ngakhale ija ndinamutchula kuti wamantha. Pamwamba panalembedwa kuti akulemba.

Analemba nthawi yaitali. Munthu amene ankandiyankha ndisanatsitse foni tsopano ankasaka chilembo chimodzichimodzi ndi chala cha kumanzere. Achimwene anali ataima pakhomo chipewa chili m'manja.

Meseji inafika, zilembo zina zitasemphana. Telala pita kwa azakhali. Usandidikire.

Ndinayankha pompo. Tsegula.

Ayi.

Ndigona pano mpaka utsegule. Ukundidziwa.

Anayambanso kulemba, n'kusiya, n'kuyambanso. Ndinapukuta misozi ndi mkono kuti ndione bwino. Ndinali nditakonzeka kuyankha chilichonse: zoti ndi wolumala, zoti sadzagwiranso ntchito, zoti ndidzatopa naye. Mayankho onsewo ndinali nawo pa nsonga ya chala.

Ukandiona udzakhala nane chifukwa cha chisoni ndipo ndidzadziwa tsiku lililonse. Sindingathe. Ndauza mayi kuti ndikachira ndikwatira Nesi. Iye wandiona kale.

Ndinawerenga kawiri. Kenako ndinawerenga mokweza, kuti wina m'nyumbamo aseke, anene kuti ndi mankhwala akumulankhulitsa. Palibe anaseka. Bambo ake anatembenukira kwa akazi awo pakamwa pali yasa, zinali zachilendo kwa iwo. Mayi ake anabisa nkhope m'manja.

Ndinadzutsa mutu n'kuyang'ana Nesi. Ndinkafuna ndione kudabwa pankhope pake, ngakhale pang'ono pokha, ndikanadziwa kuti Neba wangopeka bodza loti andithamangitsire. Nesi sanadabwe. Anandiyang'ana m'maso, mwachisoni koma osaphethira.

"Anandifunsa Lachiwiri," anatero. "Sindinamuyankhe."

"Ndiye umuyankha kuti chiyani?"

Anawerama n'kutola mabandeji aja limodzilimodzi, n'kuwabwezera m'jumbo.

"Nthawi yotsuka mabala yakwana," anatero. "Tasunthani pang'ono, achemwali."

Anapisa dzanja m'thumba la yunifolomu yake n'kutulutsa kiyi. Achimwene anandigwira m'khwapa n'kundiimiritsa, ndipo ndinalibe mphamvu zokana. Nesi anatsegula chitseko pang'ono pokha, mpata wokwana thupi lake, n'kulowa chammbali kuti ndisaone kanthu. Kenako ndinamva kiyi ikuzungulira m'kati.